Imfa ya mnzathu wa pa siteji ya kabaza ndi zomwe ndikanakonda kudziwa

Ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza mumzinda wa Lilongwe, ndipo siteji yathu ili chakumpoto kwa mzindawu, pafupi ndi msewu wa M1 umene umadutsa ku Kanengo. Munthu amene ndikulemba za imfa yake sanali m'bale wanga wamagazi, koma ndinkawatchula kuti achimwene chifukwa anali aakulu kwa ine ndipo ndiwo anandiphunzitsa ntchitoyi. Anandiphunzitsa kukoka tcheni, kumanga buleki yakumbuyo pamatope popanda kugwetsa pasenjala, komanso kukana ulendo wa munthu amene mtima ukumukayikira ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Pansi pa mpando wa Lifo yawo sipankasowa sipanala ndi pulagi yapadera, ndipo njinga ya aliyense wa ife ikazima panjira, foni yoyamba inkapita kwa iwo. Analinso msungichuma wa chipereganyu chathu. Mayina ndi ndalama zonse ankazilemba m'kope la ana asukulu limene ankalikulunga m'jumbo kuti lisanyowe ndi mvula.

Ngozi inachitika m'nyengo ya dzinja yotsatira kugwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Petulo anali atakwera kufika pa K2,530 pa lita, zitsulo za njinga zinali zitakweranso, koma anthu okwera ankafunabe kulipira mitengo yakale. Ambirife tinayamba kuweruka mochedwa kuti tikwanitse tageti ya eni njinga, ndipo achimwene ankalimbikira kuposa tonse chifukwa njinga yawo ankaigula polipira pang'onopang'ono ndipo anali pafupi kumaliza. Tsikulo kunali kachisisira, mvula itangokata. Ankabwerera okha kuchokera kokatula munthu pamene galimoto ina yaing'ono inatulukira m'kamsewu n'kulowa mumsewu waukulu osaima. Anaiwomba m'mbali n'kugwera patsogolo. Helemeti anali atavala, koma lamba wa pachibwano anali wosamanga monga momwe ambirife tinkachitira, choncho inavuka iwo asanafike pansi ndipo mutu unamenyetseka pa phula.

Nditafika pamalopo ndinawapeza atakhala tsonga m'mbali mwa msewu, akulankhula bwinobwino. Anali ndi bala pamwamba pa khutu lakumanzere ndi mikwingwirima m'manja. Anthu anandiuza kuti anakomoka kanthawi kochepa kenako n'kutsitsimuka. Iwo nkhawa yawo inali pa njinga basi. Ankandifunsa mobwerezabwereza ngati foloko yapindika, ndipo ndikawayankha, pakangopita kamphindi ankafunsanso funso lomwelo. Ine ndinkaganiza kuti ndi mantha a ngongole. Tinawakweza pa njinga ina, mnzathu wina atakhala kumbuyo kwawo kuti aziwagwira, n'kupita nawo pa kachipatala kolipira kapafupi. Kumeneko anawasoka balalo, ndipo amene anawathandizawo anatiuza momveka bwino kuti munthu amene wakomokapo atamenyetsa mutu ayenera kupita ku chipatala chachikulu usiku womwewo. Achimwene anakana. Anati mutu ukungowawa pang'ono, mzere wa kumeneko ndi wautali, ndipo m'mawa akufuna kulawirira kupolisi kukaona njinga yawo. Tonse amene tinalipo tinawamvera, chifukwa anali akuluakulu ndipo ankayenda okha. Ine ndemwe ndinakawasiya kunyumba, ndipo alamu atandifunsa ndinawauza kuti ngoziyo inali yaing'ono.

Usikuwo anasanza kawiri, anadandaula kuti mutu ukuwawa kwambiri, kenako anagona. Alamu anaganiza kuti tulo tiwathandiza. Chakum'bandakucha anamva akupuma mokoka, ndipo atayesa kuwadzutsa sanadzuke. Anandiimbira akulira. Kupeza galimoto nthawi imeneyo kunatitengera nthawi yaitali, chifukwa tonse odziwana nawo tinali ndi njinga zokha, ndipo mwini galimoto amene tinamugogodera anafuna ndalama ya mafuta kaye. Tinafika ku chipatala chachikulu kunja kukuyera. Madokotala anachita changu, anawajambula mutu, ndipo anatiuza kuti magazi anali atadzaza pakati pa chigaza ndi ubongo. Anamwalira tsiku lomwelo masana.

Dokotala wina anakhala nafe pa benchi n'kutifotokozera zimene zinachitika, ndipo ndikuzilemba pano monga momwe ndinazimvera chifukwa wakabaza aliyense ayenera kuzidziwa. M'mbali mwa mutu, chapamwamba pa khutu, fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo mkati mwake mumadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likasweka, mtsemphawo ukhoza kuduka n'kumakha magazi m'kati mwa mutu. Munthu amatha kukomoka pang'ono, kutsitsimuka, kulankhula ndi kuyenda kwa maola angapo ngati palibe vuto, pamene magaziwo akuchulukirachulukira n'kumapanikiza ubongo. Maola amenewo ndiwo mwayi wopulumutsa munthu, chifukwa magaziwo akachotsedwa msanga pa opaleshoni, ambiri amachira. Zizindikiro zake ndi mutu wowawa mowonjezereka, kusanza, kubwerezabwereza mafunso, kusokonezeka, tulo tosadzutsika, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, kukomoka ndi kuphupha, magazi kapena timadzi toyera totuluka m'khutu kapena m'mphuno, komanso kamwana ka diso limodzi kukula kuposa kanzake. Zingapo mwa zimenezi achimwene anali nazo ine ndikuona, koma sindinkadziwa tanthauzo lake. Kachipatala kakang'ono kangasoke bala la kunja, koma makina ojambulira m'kati mwa mutu ndi madokotala a opaleshoni yotere amapezeka m'zipatala zikuluzikulu. Mnzanu akamenyetsa mutu n'kukomoka, ngakhale kamphindi, musamufunse ngati akufuna kupita. Munthu wovulala m'mutu sangathe kudziweruzira bwino. Musamunyamule pa njinga monga tinachitira ife, chifukwa khosi likhozanso kukhala lothyoka. Pezani galimoto, mumugoneke mutu ndi khosi zili zowongoka, ndipo musamupatse mowa kapena asipulini. Za helemeti, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kuivala moyenera kumachepetsa chiopsezo cha imfa pangozi koposa kasanu n'kamodzi, ndipo kuvulala kwa ubongo kumachepa mpaka ndi 74 peresenti. Kuivala moyenera ndiko kumanga lamba. Helemeti yongoikidwa pamutu kuti apolisi apamsewu asakuimitseni imakusiyani panthawi imene mukuifuna.

Chinthu chachiwiri chimene chinatipweteka chinachitika ola lomwelo la imfa. Mnzathu wina, mwachisoni chake, anaika chithunzi cha achimwene pa gulu lathu la WhatsApp pamodzi ndi uthenga wa maliro, ndipo wina anawonjezera zithunzi za pamalo a ngozi. Pasanapite nthawi zinali zitafika pa Facebook. Mayi awo, amene amakhala kumudzi ku Dedza, anamva za imfa ya mwana wawo kwa mtsikana wina amene anawaonetsa foni ali kuchitsime, amalume ake a malemu asanafike kudzawakhazika pansi. Mayiwo anagwa pomwepo. Makolo athu sanalakwe pokonza kuti uthenga wa maliro uzidzera kwa mwini mbumba, iye n'kukadziwitsa amfumu ndi abale mwadongosolo. Ife anzake a kuntchito tilibe udindo wolengeza imfa ya munthu. Udindo wathu unali kuimbira amalume akewo, kukhala pambali pa alamu, ndi kudikira kuti akubanja atiuze nthawi yolengeza. Zithunzi za munthu ali m'magazi sizifufutika pa intaneti, ndipo ana ake adzakula n'kuziona.

Thupi silinatuluke m'mochale msanga monga tinkayembekezera. Imfa ya pangozi yapamsewu imakhudza apolisi, ndipo panafunika kuti iwo alembe zawo, achipatala alembe chikalata chosonyeza chimene chapha munthu, komanso wachibale weniweni asayinire. Ife tinadzaza panja pa mochale ndi njinga zathu, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anali ndi chiphaso cha unzika cha malemu. Chinali m'chikwama chimene chinatsala ndi njinga kupolisi. Kuthamangira uku ndi uku kunatidyera tsiku lathunthu, ndipo kumudzi adzukulu anali atayamba kale kukumba manda. Ndikanadziwa, ndikanapempha anthu awiri okha odekha kuti ayende ndi alamu ndi amalume pa za mapepala, atanyamula ziphaso za malemu ndi za wachibale wosayinayo, enafe n'kumagwira ntchito zina.

Za ndalama ndinene mosabisa. Bokosi lapakatikati, kukonza thupi, ndi lole yaing'ono yonyamula maliro ndi anamfedwa kupita ku Dedza n'kubwerera, zonse pamodzi zinapitirira K500,000, osawerengera ufa, ndiwo, shuga ndi nkhuni za pasiwa m'tauni ndi kumudzi. Pa siteji tinasonkha, masiteji oyandikana nafe anabweretsa chipepeso chawo, mpingo wawo unathandizanso, koma sizinakwane. Tinatenga ndalama zonse za chipereganyu, zimene zinali zoti alandire mnzathu wina amene ankafuna kulipirira mwana fizi, ndipo zotsalazo tinakongola katapila m'dzina la anthu atatu. Ine ndinali mmodzi wa atatuwo. Ngongoleyo inatitsatira miyezi ingapo maliro atatha, ndipo inadanitsa anthu amene ankadyera mbale imodzi ya chipisi. Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti bokosi tinasankha lodula kuposa mphamvu zathu chifukwa chofuna kuti anthu aone kuti akabaza timaika maliro a mnzathu mwaulemu. Alamu sanapemphe zimenezo. Ndalama imene tinawonjezera pa bokosilo ikanalipira lendi ya nyumba yawo.

Ulendo wopita kumudzi unali monga momwe mumaonera maliro a wakabaza. Njinga zambirimbiri zinatsogola, magetsi oyaka, malipenga akulira, masamba atamangidwa pa mahandulo. Ndikuvomereza kuti zinandikhudza mtima, ndipo mayi awo anadzanena pambuyo pake kuti anatonthozeka poona kuti mwana wawo anali ndi anthu. Koma ulendowo unalinso woopsa. Ena anali atamwa kuyambira usiku, ena anakwezana atatu pa njinga imodzi opanda helemeti, ena ankaimirira pa njinga ikuyenda ndi kutsekereza magalimoto obwera kutsogolo. Titadutsa pa Nathenje njinga ziwiri zinakolana ndipo mnyamata wina anathyoka mwendo. Tinali tikuperekeza munthu wofa ndi njinga, n'kutsala pang'ono kuwonjezera wina. Ngati gulu lanu likuperekeza mnzanu, sankhani wotsogolera ndi wotsalira kumbuyo, dziwitsani apolisi apamsewu, yendani mzere umodzi kumanzere, ndipo amene wamwa akwere lole.

Kumudzi tinalandiridwa bwino. Amfumu polankhula anathokoza ndi kunena kuti maliro n'kulirana. Ine ndinali mmodzi wa onyamula bokosi kuchokera pa siwa, ndipo sindinalire. Ndinkangoganiza za mafuta obwererera ndi za katapila uja. Misozi inabwera patapita sabata, pamene alamu anabweretsa kope la chipereganyu ku siteji. Ndinalivundukula m'jumbo muja n'kupeza dzina langa lolembedwa ndi dzanja lawo, ndipo pambali pake panali ndalama imene anandilipirira tsiku lina nditadwala, imene sanandiuzepo n'komwe. Ndinapita kuseri kwa kontena ya wowotcherera matayala n'kulira ngati mwana.

Miyezi yotsatira ndiyo inali yovuta kwambiri, ndipo ndi imene sitikambirana pa siteji. Tulo tinkandisowa. Ndikatseka maso ndinkawaona atakhala m'mbali mwa msewu akundifunsa za foloko. Ndinasiya kulandira maulendo odutsa pamalo a ngoziwo, zimene zinachepetsa ndalama zanga panthawi imene ngongole inkandidikira. Galimoto ikangosuzumira kuchokera m'kamsewu ndinkamanga buleki mwadzidzidzi mpaka pasenjala kundiwomba kumsana. Ndinayamba kumwa madzulo alionse kuti ndigone, ndipo kunyumba ndinkakalipa pa zinthu zazing'ono. Chimene chinkandidya kwambiri ndi mawu amene ndinawauza alamu aja, akuti ngoziyo inali yaing'ono, moti ndinayamba kuwazemba. Pa siteji aliyense ankaoneka wolimba, ndipo ndinkayesa kuti vutoli ndi langa ndekha.

Zinthu zinayamba kusintha pamene mkazi wanga anakauza mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene anali dalaivala wa mathiraki. Sanandilalikire. Anandifunsa kuti ndifotokoze tsikulo kuyambira pachiyambi, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandiuza kuti ndikaonane ndi aphungu a za maganizo, ndipo anatchula a St John of God, amene amapereka thandizo lotere ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ndinazengereza chifukwa ndinkaopa kuti anthu anena kuti ndachita misala. Nditapita, mphunguyo anandifotokozera kuti kusowa tulo, kuona ngozi m'maganizo mobwereza ndi kupewa malo ake ndi zimene zimachitikira anthu ambiri amene aona zoopsa, ndipo zikapitirira mwezi zikusokoneza ntchito ndi banja, munthu ayenera kuthandizidwa. Anandiuzanso kuti mowa umagonetsa msanga koma umawononga tulo ndi kukulitsa nkhawa m'mawa mwake, ndipo kwa munthu woyendetsa njinga umenewo ndi msampha. Za kudziimba mlandu sanandinamize kuti palibe chimene chikanasintha. Anandithandiza kuona kuti ndinachita zinthu ndi nzeru zimene ndinali nazo usiku umenewo, ndipo kuti kuwathawa alamu kunkangowonjezera chilonda kwa iwo ndi kwa ine. Nditayamba kulankhula za zimenezi pa siteji, anzanga awiri amene analipo tsiku la ngozi anaulula kuti nawonso sankagona.

Nditalimba mtima n'kupita kukaona alamu, ndinapeza mavuto amene tonse tinali titawasiya okha. Iwo sanandiimbe mlandu. Anangoti, "Alamu, mwatitaya chonchi?" Njinga inali itatuluka kupolisi, koma mwini wake woyamba ankati ndi yake chifukwa ndalama zinali zisanathe kulipiridwa, ndipo abale ena a malemu ankaifunanso. Mgwirizano wogulitsana unali wapakamwa, ndipo mapepala a njingayo anali adakali m'dzina la wogulitsayo. Chimene chinatipulumutsa ndi kope lomwe lija, chifukwa kumasamba akumapeto achimwene ankalemba tsiku ndi ndalama iliyonse imene apereka, ndipo zina zinkagwirizana ndi mauthenga a Airtel Money a m'foni yawo. Tinakhala pansi pamaso pa amfumu a m'deralo ndi tcheyamani wa siteji, ndipo tinagwirizana kuti gulu limalize kangongole kotsalako, njinga ikhale ya alamu ndi ana. Kwa abalewo tinafotokoza mwaulemu kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemu, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Mayi awo nawonso ankadalira mwana wawoyo, choncho gawo la ndalama zimene njinga imapanga limapita ku Dedza mwezi ndi mwezi. Ngati mukugula njinga polipira pang'onopang'ono, lembani mgwirizano, pakhale mboni, ndipo mkazi wanu adziwe pamene pepalalo lili.

Nkhani ya chipukuta misozi ndiyo yachedwa kwambiri. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu imayenera kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze, ndipo banja la womwalira likhoza kupempha chipukuta misozi kudzera ku inshulansi ya galimoto yolakwa. Koma zimenezi zimafuna lipoti la apolisi, chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, umboni wa ukwati ndi wa ana, komanso mboni za ngoziyo. Ife tsiku la ngozi sitinalembe dzina kapena nambala ya foni ya mboni ngakhale imodzi, ndipo ena mwa anzathu anathamangira kufuna kumenya dalaivala m'malo mojambula pamene galimoto ndi njinga zinaima. Mwayi wake mayi wina wogulitsa nthochi pamalopo anavomera kukapereka umboni. Chinanso chimene chinavutitsa nkhaniyi n'chakuti achimwene, ngakhale anali katswiri pa njinga, analibe laisensi, ndipo mbali inayo inagwira pomwepo. Tinapita ku Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osatha kulipira loya, ndipo anatiuza kuti nthawi yokadandaula ili ndi malire, choncho banja lisamadikire kuti chisoni chithe kaye. Pamene ndikulemba pano nkhaniyo sinathe, ndipo alamu awonongapo kale ndalama zambiri zoyendera.

Pa siteji yathu tasintha zinthu zingapo, ngakhale si onse amene anazilandira mokondwa. Tinatsegula thumba la ngozi ndi maliro losiyana ndi chipereganyu, ndipo aliyense amaponyamo kangachepe sabata iliyonse. Tili ndi kope lina limene muli dzina la wachibale woyenera kuimbiridwa, mudzi ndi mfumu ya aliyense, ndi manambala a eni magalimoto awiri amene tinagwirizana nawo kuti akhoza kudzutsidwa usiku, ndalama n'kulipira pambuyo. Tinagwirizana kuti wovulala m'mutu amapita ku chipatala chachikulu kaya afune kaya asafune, ndipo tageti ya tsiku limenelo imachokera m'thumba la gulu kuti asakane chifukwa choopa bwana. Wonyamuka pa siteji lamba wa helemeti ali lende amalipira chindapusa. Ena anachoka kupita ku masiteji ena ponena kuti malamulo achuluka. Ine ndi anzanga angapo tinayamba kusunga ndalama zokaphunzirira kusukulu yoyendetsa kuti tikatenge laisensi ku Road Traffic. Mtengo wake ndi wolemera kwa wakabaza, ndipo pakadali pano amene amaliza ndi ochepa. Njinga ya achimwene ikuyendetsedwa ndi mnyamata wina amene tinamusankha tonse, ndipo Loweruka lililonse madzulo mmodzi wa ife amakapereka ndalama zake kwa alamu n'kuwasayinitsa m'kope.